Mmisiri wa Zidebe Amene Anasala Nyimbo

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, dzina lake Gelevazio. Ankakhala m'mudzi wa m'mphepete mwa dambo pamodzi ndi mkazi wake Nakwenda. Ana awo anali atakula n'kukamanga mabanja awo kutali.

Munthuyu Mulungu anamupatsa mawu. Akayamba nyimbo pansi pa mtengo wa mango pamene ankagwirira ntchito, amayi otunga madzi kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti a Gelevazio adzuka bwino. Nyundo inkalira pa lata, koma mawu ake ankamveka pamwamba pa nyundoyo.

M'mudzimo munali katchalitchi kofolera malata, kamene bambo mfumu ankafikako kawiri kapena katatu pa chaka. Masabata ena onse mapemphero ankatsogolera ndi akatekisiti, mkulu wamfupi wa mawu ang'onoang'ono. Koma nyimbo zinali za Gelevazio. Palibe amene anamusankha. Anangoyambitsa nyimbo tsiku lina akadali mnyamata, anthu n'kukondwera, ndipo kuyambira pamenepo sanasiyenso. Lamulungu, pa ukwati, pa maliro, kwa zaka zoposa makumi atatu, nyimbo iliyonse inkayambira pakamwa pake n'kukathera pakamwa pake pomwepo.

Musamuganizire zoipa. Anali munthu wokonda Mulungu ndi mtima woona. Ndowa ya mayi wamasiye ikabooka, ankaimata osafunsa kanthu. Ndipo akamayimba, iye mwini ankakhulupirira kuti akupereka kwa Mulungu chinthu chabwino koposa zonse zimene anali nazo.

Chaka china, chimanga chikuyamba kumasula, akatekisiti analengeza kuti Lachitatu likudzalo ndi la Phulusa, chiyambi cha nyengo ya Lenti. Anati aliyense asankhe chinthu chimodzi choti asale kwa masiku makumi anayi, kufikira Pasaka. Potuluka m'tchalitchi anthu ankafunsana, akuseka. Wina anati asala fodya. Wina anati asala bawo. Mayi wina anati asala kukalipira ana, anzake n'kumuuza kuti sadzafika Lachisanu.

Gelevazio anafika kunyumba ali wokondwa. Anapeza mkazi wake atakhala pakhonde akusadzula nkhwani.

"Nakwenda, ine ndasankha kale," anatero. "Ndisala nyama."

Mkaziyo sanadzutse mutu. "Nyama yake iti, bambo? Yomaliza tinadya pa Khirisimasi, ndipo inali nkhuku ya eni."

"Chabwino. Ndisala mowa."

"Umene munausiya musanandikwatire?"

"Fodya ndiye."

"Amene mumatsokomola mnzanu akangoyatsa?"

Gelevazio anakhala pansi n'kukanda mutu. Anatchula tiyi wa shuga, mkazi wake n'kumukumbutsa kuti kuchipatala anamuletsa kale shuga chaka chatha. Apo onse awiri anaphulika nacho chiseko.

"Nanga ndisale chiyani? Ndisankhireni inuyo."

"Ayi," anatero Nakwenda. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndingodziwa chimodzi. Chimene mukachiganiza mtima wanu n'kukana msangamsanga, n'kuyamba kukupatsani zifukwa, ndicho chimenecho."

Lachitatu linafika Gelevazio asanapeze kanthu. Anthu anadzaza katchalitchi kaja. Itakwana nthawi yolandira phulusa, iye anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse, nalowa pamzere akuyimba. Mzere unayenda pang'onopang'ono mpaka anafika kutsogolo. Akatekisiti anaviika chala m'mbale ya phulusa, namulemba mtanda pamphumi, namukumbutsa kuti iye ndi dothi. Gelevazio anatseka pakamwa kuti amve mawuwo.

Atangotseka pakamwa, nyimbo inafa.

Inafa nthawi yomweyo, ngati nyali yozimidwa ndi mphepo. M'tchalitchi monse munangoti zii. Kunja kunamveka mbuzi ikulira. Gelevazio anacheuka, naona anthu oposa zana, milomo yawo ikugwedera pang'ono, koma mawu osatuluka. Onse ankamuyang'ana, kudikira kuti apitirize.

Poyamba mtima wake unakoma. Anati chamumtima, "Taonani, popanda ine muno mulibe nyimbo." Koma pobwerera pamalo pake, phulusa lili pamphumi, kukoma kuja kunasanduka mantha. Anadzifunsa kuti anthu amenewa anasiya liti kuyimba. Anadzifunsanso kuti anawasiyitsa ndani.

Ndipo ganizo linamufikira, loti asale kuyimba.

Mtima wake unakana msangamsanga. Unamuuza kuti kuyimba si tchimo. Unamuuza kuti mphatso ya Mulungu saikwirira. Unamuuza kuti mapemphero adzazizira, ndi kuti pa Pasaka bambo mfumu akubwera kudzabatiza ana, ndiye mpingo udzachita manyazi pamaso pa alendo. Zifukwa zinabwera zambiri, zonse zomveka bwino. Pamenepo Gelevazio anadziwa kuti wachipeza.

Mapemphero atatha anakaima pakhomo kudikira akatekisiti.

"Aphunzitsi, ndasankha chosala. Kuyambira lero mpaka Pasaka sindiyambitsa nyimbo, sindiyimbanso. Ndizikhala kumbuyo."

Mkulu uja anagwira pakamwa. "A Gelevazio, mwakwiya ndi ndani?"

"Sindinakwiye ndi munthu."

"Nanga mukufuna kutiphera mapemphero? Salani china. Salani mchere. Salani wailesi."

"Zimenezo sizingandipweteke, aphunzitsi. Ichi chayamba kale kundipweteka."

Akatekisiti anapukusa mutu, nati, "Ndine ndinati aliyense asankhe. Sindingabweze mawu anga. Koma Mulungu atichitire chifundo Lamulungu likubwerali."

Lamulungu loyamba zinthu zinavuta ndithu. Gelevazio anakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Akatekisiti anayesa kuyambitsa nyimbo, koma anaitengera m'mwamba kwambiri, mawu awo n'kuthyoka pakati. Atsikana anabisa nkhope m'zitenje. Bambo wina anayesa kuwathandiza, koma anasokoneza ndime n'kulowa m'nyimbo ina. Anthu ankacheukacheuka kumbuyo. Gelevazio anagwira benchi ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, nyimbo itamudzaza pakhosi ngati munthu wogwira chifuwa. Koma sanatsekule pakamwa.

Panja, mayi wina wachikulire anamulozera ndodo. "Inu a Gelevazio, kusala kwanuku mwatisalitsa tonse. Ife tinalakwanji?"

Ena anati akudwala. Ena anati akufuna kuti mpingo ukamugwadire. Iye anamva zonsezo, ndipo zinamuwawa, chifukwa anali munthu wozolowera kuyamikiridwa. Pansi pa mango paja nyundo inkalira yokha. Masiku ena ankazindikira kuti wayamba kung'ung'udza, n'kudziluma mlomo. Kunyumba ankakwiya ndi tinthu tachabechabe, ndipo Nakwenda ankangomuyang'ana.

Lamulungu lachiwiri silinasiyane kwenikweni ndi loyamba. Gelevazio anayamba kukayika. Anati mwina walakwitsa, mwina Mulungu sakondwera ndi nsembe imene ikusautsa anthu ena.

M'nyengo ya Lenti, Lachisanu lililonse masana, mpingo unkasonkhana kuchita Njira ya Mtanda. Ankayenda mozungulira bwalo la tchalitchi, kuima malo khumi ndi anayi, kukumbukira masautso a Ambuye, ndipo pochoka pamalo ena kupita pena ankayimba. Lachisanu lachitatu akatekisiti anabwera ndi chimfine, mawu atatsekeka. Anawerenga pemphero loyamba monong'ona. Atamaliza, anthu anadzuka pamene anagwada, nadikira nyimbo.

Panalibe woyambitsa.

Anthu anaima duu padzuwa. Wonyamula mtanda sanadziwe ngati ayende kapena aime. Mwana analira kumsana kwa mayi wake. Gelevazio, ali kumbuyo kwa gulu, anaweramitsa mutu. Anati chamumtima, "Ambuye, mundikhululukire, sindingathenso." Anakoka mpweya kuti ayambitse.

Asanatulutse mawu, kumbali ya amayi kunamveka liwu.

Linali liwu la mkazi, losakweza, lonjenjemera pang'ono poyamba, ngati la munthu woponda pa mlatho wa mtengo umodzi. Kenaka linakhazikika. Linali loyera, lozizira bwino ngati madzi a pachitsime m'mawa. Silinkakankha munthu. Linkangoyenda patsogolo n'kusiya malo kumbuyo kwake.

Ndipo anthu analowa m'malo amenewo. Analowa mayi mmodzi, kenaka awiri. Analowa atsikana aja. Mayi wachikulire wa ndodo uja analowa ndi mawu okalamba koma osaphonya. Kumbali ya abambo kunadzuka mawu akuluakulu a pansi, amene Gelevazio sankadziwa kuti m'mudzimo alimo. Wonyamula mtanda anayamba kuyenda, gulu lonse n'kumutsatira likuyimba.

Gelevazio anatulutsa mpweya uja mwakachetechete. Kwa zaka zonsezi anali asanamvepo mpingo wake ukuyimba. Ankangodzimva yekha. Tsopano anaima ngati mlendo, tsitsi likumuyimirira, akumvetsera. Ndipo anafuna kudziwa kuti mayi wa liwu lotere ndi wa kubanja liti. Anasuntha pang'ono, nasuzumira pakati pa mitu ya anthu.

Anali Nakwenda.

Anali mkazi wake, atavala chitenje chake chakale cha maluwa obiriwira, maso ali pansi, manja atagwira korona yopempherera. Gelevazio anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Malo onse khumi ndi anayi Nakwenda ndiye anayambitsa, mwamuna wake akutsatira kumbuyo, ali chete.

Pobwerera kunyumba anayenda awiri m'kanjira ka m'chimanga.

"Nakwenda," anatero Gelevazio, "mawu amenewa munawabisa kuti zaka zonsezi?"

"Sindinawabise, bambo. Ndimayimba Lamulungu lililonse."

"Nanga bwanji sindinawamvepo?"

"Mukanawamva bwanji? Mvula ikamagwa pa malata, ndani amamva njiwa ikulira?"

"Koma kunyumba? Tikakhala awiri?"

Nakwenda anamwetulira. "Kunyumba ndikangoyamba, inu mumailandira ndi chimwemwe, nyimbo n'kukhala yanu. Ndiye ndinazolowera kuyimbira kumunda. Chimanga sichilanda nyimbo."

Gelevazio anaima. Anafuna kupepesa, koma misozi inalengeza m'maso mwake. Mkazi wake anaona nkhope yakeyo n'kuseka, namukoka dzanja.

"Tiyeni, musalire panjira ngati mwana. Inenso lero ndinali ndi mantha. Ndimati ndigwa."

"Ndiyimbireninso," anatero iye. "Ija yachitatu ija. Sindilowererapo."

Ndipo Nakwenda anayimba, njira yonse mpaka kunyumba, mwamuna wake akuyenda pambali pake, akumwetulira ngati mnyamata amene wangololedwa kumene ndi namwali.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinasintha. Anthu ataona kuti Nakwenda wayambitsa ndipo thambo silinagwe, nawonso analimba mtima. Kunapezeka kuti mkulu wina woweta ng'ombe ankadziwa nyimbo zakale zimene mpingo unaziiwala. Kunapezeka kuti atsikana awiri apachibale ankatha kupatukana mawu, wina m'mwamba wina pansi, mokoma zedi. Madzulo dzuwa lisanalowe, anthu anayamba kusonkhana pabwalo la Gelevazio kukonzekera nyimbo za Pasaka. Ankalakwitsa, n'kuseka, n'kuyambiranso.

Mwini bwalo sankayimba. Koma manja ake sanathe kukhala chete. Anatola tizidutswa ta malata totsala pokhoma zidebe, natipinda bwinobwino, naikamo timiyala ta kudambo, n'kupanga maseche. Anapanga khumi ndi awiri. Ankawagwedeza pafupi ndi khutu, kuchotsamo kamwala, kuwonjezamo kena, mpaka lililonse litalira momukomera. Ndipo anazindikira chinthu chodabwitsa. Pakhosi paja panasiya kuwawa. Ankadzuka m'mawa akulakalaka madzulo, kuti amve kuti lero atulukira ndani.

Pasaka inafika. Kunacha bwino, mvula itagwa pang'ono n'kutsuka fumbi. Bambo mfumu anafika pa njinga yamoto, matope ali m'miyendo. Katchalitchi kanadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Amayi anakongoletsa guwa ndi maluwa a m'tchire, ndipo ng'oma, zimene zinakhala chete Lenti yonse, anaziwamba pamoto panja.

Mwambo usanayambe, akatekisiti anapita ku benchi ya kumbuyo.

"A Gelevazio, masiku anu akwana. Mwasunga lonjezo. Bwerani kutsogolo mudzatenge malo anu."

Gelevazio anadzuka. Anthu anamupatsa njira. Anayenda mpaka kutsogolo, thumba la maseche lili m'manja, naima pamalo pamene anaimapo zaka zonse zija. Tchalitchi chonse chinati chete, kudikira liwu limene ankalidziwa. Nakwenda anatsitsa maso, nabwerera pang'ono m'mbuyo.

Gelevazio anamasula thumba lija, nagawa maseche, kwa atsikana, kwa woweta ng'ombe, kwa mayi wa ndodo. Limodzi anasunga. Kenaka anatembenukira kumbali ya amayi, nawerama pang'ono mwaulemu, nati mokweza kuti onse amve:

"Nakwenda, tiyambitsireni."

Mkaziyo anadzutsa maso. Anamuyang'ana mwamuna wake, nakoka mpweya, nayambitsa Aleluya.

Mpingo wonse unalandira. Ng'oma zinagunda, maseche analira, nthungululu zinang'amba denga. Ndipo pansi pa mawu onsewo panalowa liwu la Gelevazio. Silinakwere pamwamba monga kale. Linalowa pansi, lalikulu, lofatsa, ngati mtanda wa denga umene suoneka koma wanyamula nyumba. Anthu analimva m'zifuwa mwawo, ndipo m'malo mokhala chete anayimba mokweza koposa. Malata ananjenjemera. Ana odzabatizidwa anasiya kulira. Akatekisiti anavina mpaka magalasi anagwa, wina n'kuwatolera.

Atatha mapemphero, bambo mfumu anafunsa kuti kwaya imeneyi aibwereka ku mpingo uti.

"Ndi athu omwe, bambo," anayankha akatekisiti. "Analipo nthawi yonseyi."

Gelevazio anayimbabe zaka zambiri pambuyo pake. Masabata ena ankayambitsa ndiye, masabata ena Nakwenda, ena atsikana aja. Koma anthu amene anamudziwa amati sanamuonepo wokondwa monga tsiku lija, ataima pakati pa mpingo wake, tseche lili m'manja, akuseka ndi kuyimba nthawi imodzi.

Tsono inu amene mukundimvera, Lenti yayandikira, ndipo aliyense akufunafuna choti asale. Zoipa n'zosafunsa, zimenezo tiyenera kuzisiya ndi pa Pasaka pomwe. Koma nthawi zina chimene Mulungu akupempha ndi chinthu chabwino chimene mwachikumbatira mpaka chadzaza nyumba yonse. Kwa wina ndi mawu omaliza pa mkangano uliwonse. Kwa wina ndi mpando umene wakhalapo zaka zambiri. Kwa mayi wina ndi kuchita zonse yekha, poganiza kuti ena sangathe.

Chisiyeni kwa masiku makumi anayi. Sabata yoyamba idzawawa, ndipo anthu mwina adzakudandaulani. Pirirani, ndipo tcherani khutu. Pafupi nanu pomwepo, mwina m'nyumba mwanu momwe, pali munthu amene akudikira kuti mupume kaye kuti naye amveke.